Akafuna Kundifunsa, Abwere Masana

Sukulu ine ndinaisiyira panjira, chaka chimene aphunzitsi anayamba kutifunsa mafunso m'Chingerezi ngati tawalakwira. Koma musandiyese mbuli pa za dziko. Wayilesi ndakhala nayo kuyambira ndili mnyamata, ndipo mabatire onse amene ndagula moyo wanga mutawaunjika mukhoza kumangira khola la ng'ombe. Kukabuka nkhondo kutsidya kwa nyanja, ine ndimadziwa amene waputa mnzake. Kukakhala chisankho kwa azungu, ndimakhala nditasankhiratu wanga, ngakhale kuti kawirikawiri amagwa chagada.

Nzeru zonsezi ndimakazikhuthulira pakhonde la golosale ya mnzanga wina pamsika wathu kuno ku Kapelula. Mnzangayo ndi Msilamu, wamalonda, wa ndevu zoyera ndi mkanjo wosadziwa fumbi. Ine ndimawatchula a Shehe, ngakhale sanatsogolerepo mapemphero ndi tsiku limodzi lomwe, iwo amanditchula a Nduna ya Zakunja. Iwo akati mtsogoleri wakutiwakuti ndi wanzeru, ine ndimati ndi chitsiru, osati poti ndikumudziwa, koma kuti tiyi atsike bwino. Fodya salima, sasuta, ndipo amati ndi tsamba la Satana. Ine ndimawayankha kuti Satana ameneyo ndiye anawafolerera golosale ndi malata, popeza ogula awo onse ndife alimi a fodya.

Tsono kuti mumvetse chimene chinandipsetsa mtima, muyambe mwadziwa khalidwe la fodya wa bale. Akauma m'chigafa, tsamba lake silikhudzidwa masana. Mukaligwira dzuwa lili pamutu limangoti phwanyu, n'kusanduka nyenyeswa. Mumadikira mmawa wa mame ambiri kapena wa chifunga, tsamba litamwa chinyontho n'kufewa ngati khutu la mbuzi. Pamenepo ndiye mumatsitsa msangamsanga, kukaunjika m'nyumba, kufunditsa pepala la pulasitiki kuti chinyontho chisathawe, kenako n'kumasankha mwaufulu. Alipo ena ochenjera amene amangowaza madzi, koma amenewo ndi aja mabelo awo amabwezedwa ku okushoni atachita chuku.

Kale mame sanali nkhani yoti munthu n'kuyigonera m'maso. Koma chaka chimene ndikunenachi mvula inathawa msanga, mwera unawomba usana ndi usiku, ndipo mmawa uliwonse ndikatuluka kukagwira udzu, ndinkapeza uli wouma ngati tsache. Fodya anali lende m'chigafa, wofiirira bwino, woti munthu n'kumuvulira chipewa, koma wosagwirika. Kuwonjezera apo, kalabu yathu ya alimi ili ndi jeke imodzi yokha yodindira mabelo, ndipo imayenda khomo ndi khomo. Pakhomo panga inkayenera kufika kumapeto kwa sabata imeneyo. Ikakupeza usanatsitse ndi kusankha, siikudikira. Imawoloka dambo kupita kwa anzako, ndipo imadzabwerako msika utayamba kale kuyasamula.

Ndiye mmawa wina akazanga anandigwedeza phazi.

"Bambo, dzukani. Kunja kwayera."

Nditatsegula chitseko, nkhokwe sinkaoneka, mtengo wa mango sunkaoneka, chifunga chokhachokha. Ndinathamangira kuchigafa opanda nsapato. Ndinagwira tsamba, ndinalipinda, ndinalikulunga pachala, ilo phee, lofewa. Ndinatsala pang'ono kuimba nyimbo ya kutchalitchi. Akazanga anali atamanga kale chitenje m'chiuno, ine ndinagubuduza mgolo woti ndikwerepo. Phazi limodzi lili pamgolo, ndinamva hutala.

M'chifunga muja munatulukira galimoto yoyera. Kutsogolo kunakhala a Shehe, mano onse pamtunda.

"A Nduna, ndakubweretserani dziko lonse pakhomo," anatero akutsika.

Pambuyo pawo panatsika mtsikana wa ku Lilongwe, wa ulemu ndithu, wodziwa kugwada, ndi mnyamata wonyamula kamera ndi zomvera za m'makutu zazikulu ngati mbale za ndiwo. Mtsikanayo anafotokoza kuti ali ndi pologalamu ya pa intaneti imene amacheza ndi anthu za momwe dziko likuyendera: ndale, nyengo, chikhalidwe, nkhondo. Anati wacheza kale ndi ophunzira ambiri, tsopano akufuna mawu a mlimi. Dzulo lake anaima pagolosale kufunsa ngati kuno kuli munthu wotha kuyankhula.

"Ndinawauza kuti alipo mmodzi," a Shehe anatero. "Kuyambitsa n'kosavuta. Vuto n'kuzimitsa."

Kwathu kuno mlendo safunsidwa kuti achoka liti. Akazanga anatulutsa mipando, tinapatsana moni mmodzimmodzi, tinafunsana za kunyumba, za ana, za msewu. Ine diso lili kumwamba. Kenako ndinayesa mwa njira yathu, mozungulira ngati woyandikira ng'ombe yogunda.

"Mwanangu, nkhani za dziko n'zazikulu, zimafuna munthu atakhuta. Bwanji tizicheze masana?"

Mnyamata wa kamera uja anayang'ana kumwamba. Ndikukuuzani, anayang'ana ndi diso lenileni lija ndinayang'anira ine potsegula chitseko.

"Agogo, kuwala ngati uku sitikupeza kawirikawiri. Mitambo yaphimba, nkhope ikuoneka bwino, mphepo palibe. Masana dzuwa limawononga chithunzi. Takhala tikusaka mmawa wotere ulendo wonse."

Ndiye onani tsoka langa. Mmawa umodzi wokha, aliyense akuufuna pa ntchito yake. Mtsikana anati sitichedwa, n'kanthawi kochepa. Ndipo sindibisa, kamtima kanga kanavina pang'ono. Munthu wayankhula za dziko moyo wake wonse kwa a Shehe ndi mbuzi za pamsika, lero dziko labwera lokha kudzafunsa. Ndinaganiza kuti ndiyankha mothamanga, iwo anyamuka, chifunga chikadalipo.

Mnyamata anazungulira bwalo lonse kufuna pondikhazika. Pakhonde anati pali mdima. Pansi pa mango anati pakudontha. Anaima kutsogolo kwa chigafa n'kumwetulira.

"Apa. Fodyayu akhale kumbuyo kwanu. Koma chonde mizere yakutsogoloyi isakhudzidwe mpaka titamaliza, chithunzi chisasinthe."

Mizere yakutsogolo imeneyo ndiyo inali ndi tsamba langa lapamwamba, lalitali ngati mkono. Ndimalipachika dala mbali ya kumsewu kuti odutsa azimeza malovu. Mpaka lero ndimati kunyada kuli ndi msonkho wake.

Anandilowetsa kachingwe m'malaya, kakanthu konga chiwala anakakoleka pakolala. Anandiuza malamulo: ndisatembenuke, ndisagwedeze mpando, ndisayang'ane kamera koma mtsikanayo, ndipo poyankha ndiziyamba ndabwereza funso. Ine ndinati kusukulu ndinathawa zomwezi.

"Agogo, inu mukuona kuti nyengo yasintha?"

"Mwanangu, nyengo yasintha, ndipo ikupitiriza kusintha panopa tikuyankhulamu."

Tambala analira. Mnyamata anakweza dzanja. Tibwereze. Ndinabwereza. Tambala anabwerezanso. A Shehe anamuthamangitsa ndi chipewa mpaka kuseri kwa bafa, ife tikudikira. Nditayambanso, ndinakhosomola. Tibwereze.

Kenako anandifunsa za misonkhano ija atsogoleri a mayiko amakumana kukambirana za kutentha kwa dziko. Apa ndiye panali pamunda panga. Ndinati, anthu amenewa amakwera ndege aliyense yake, utsi tolotolo, kupita kukakambirana za kuchepetsa utsi. Zili ngati zidakwa za m'mudzi muno zitapangana kukakumana kwa mayi wotcheza kachasu kuti zikakambirane zosiya mowa, aliyense atanyamula kapu yake. Mtsikana anaseka mpaka kugwira pamimba. A Shehe anaombera m'manja. Mnyamata anapukusa mutu.

"Njinga yamoto inadutsa pamsewu. Komanso kuseka kwalowa. Tibwereze, koma wina asaseke."

Nthabwala ili ngati phala. Lotentha limatsika lokha. Mukalitenthetsa kachiwiri limayamba mibulu. Kachitatu ngakhale galu amalinunkhiza n'kuchoka. Ndinainena kachitatu, pakati pa anthu atatu ogwira pakamwa, ndipo inatuluka ngati chilengezo cha maliro.

"Imeneyo ndiye yamveka bwino," mnyamata anatero.

Apa n'kuti mtengo wa mango utayamba kuoneka wonse, ndi nthambi zomwe. Akazanga anabwera ndi thobwa, anagwada chapambali. Mayi amenewa sangandikalipire pamaso pa alendo, anakula ndi mwambo, koma ali ndi njira zawo.

"Bambo, alendo amwe kaye. Komanso dzuwa lija layamba kusuzumira, mwina simunalione poti muli ndi ntchito yaikulu."

"Amayi, pepani, mwalowa m'chithunzi," anatero mnyamata.

Akazanga anadzuka pang'onopang'ono. Sanayang'ane mnyamatayo. Anayang'ana ine, kuyang'ana kumene ndakhala ndikukuopa kuyambira chaka chimene tinakwatirana. Kenako anatembenukira kwa mnzanga uja.

"A Shehe, inu amene mwatibweretsera madalitsowa, tabwerani mundithandize kanthu kuseriku."

A Shehe anatsatira mosangalala, akuganiza kuti n'kunyamula mpando.

Tinapitiriza. Anandifunsa za nkhondo yakutali ija inakweza feteleza kuno. Pamenepa ndinali ndi mfundo imene ndaiphika zaka zambiri pagolosale, yosonyeza bwinobwino momwe chipolopolo chowombedwa kutsidya kwa nyanja chimadzaterera mumzere wa mlimi wa ku Kasungu. Ndinaiyala kuchokera kuphata mpaka kunsonga. Ngakhale ine ndinadzimva kuti ndayankhula. Ndili mkati, maso anga anagwera pa galasi la galimoto yawo, imene inaima moyang'anana nane. M'galasimo munkaoneka kumbuyo kwanga. Ndinaona mkanjo woyera utapindidwa bwino pamwamba pa mgolo. Kenako ndinaona a Shehe, atatsala ndi vesiti, atakumbatira mtolo wa tsamba la Satana ngati khanda, akunyang'ama kulowera kunyumba. Akazanga anali atakwera pamwamba m'chigafa, akutsitsa mizere yakumbuyo, akuwalozera ndi chibwano koti aike.

Fodya wofewa sachita phokoso. N'chifukwa chake mnyamata wa makutu aakulu uja sanamve kanthu. Ine ndinafuna kuseka, ndinafuna kulira, ndinafunanso kudzuka kukawauza kuti asasakanize tsamba lapansi ndi lapakati, koma lamulo linali loti ndisatembenuke.

"Agogo, maso kuno," anatero mtsikana.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuyankha mwachidule kuti timalize. Moyo wanga wonse anthu akhala akundipempha kuti ndifupikitse. Tsiku lokhalo limene ndinafupikitsa ndekha, ndinapeza munthu wondipempha kuti nditalikitse.

"Achinyamata ndi mafoni, mukuona kuti chikhalidwe chikutha?"

"Chikutha."

"Tafotokozani bwino, agogo."

"Chikutha kwambiri."

"Muyambe mwabwereza funso."

Funso limodzi lokha ndilo linandikhazika mtima pansi. Mtsikanayo anatsitsa mawu n'kunena kuti kunja anthu ambiri akusiya kusuta, akuti fodya akupha anthu, nanga ine wolima ndimamva bwanji. Ndinamuuza zoona. Ndinati ine sindisuta, ndipo mkulu wanga amene ankasuta chingambwe ndinamumva momwe ankakhosomolera mpaka tsiku lomwe tinamuika. Sinditsutsa. Koma tsamba lomweli ndi limene linaphunzitsa ana anga, amene lero amandikonza Chingerezi. Soya ndinayesa, mtedza ndinayesa, ogula ake amabwera ndi sikelo yawoyawo ndi mtengo wawowawo. Amene akuti tisiye anene choti tilime, ndipo abwere adzagule. Ndinaona kuti mtsikanayo wamva. Ndi mwana wabwino, zimenezo sindimulanda. Ngakhale mnyamata sanati tibwereze.

Koma pamene ndinkamaliza mawu amenewo, ndinamva kutentha pankhongo. Dzuwa linali litaboola. Kamphepo kanayamba kugwedeza nsonga za mango. Mtsikana anatsegula pakamwa kuti afunse lina, mnyamata anakweza dzanja, anakanikiza mbale zake zija m'makutu.

"Taimani. Ndikumva chinachake chikuti tswaa, tswaa. Ngati wina akuponda mapepala."

Iye ankafufuza chimene chikuwononga mawu. Ine ndinadziwa kale. Mmawa wonse makutu ake aja ankamva tambala, njinga, chifuwa changa, ndipo tsopano anali oyamba kumva fodya wanga akuuma. Kuseri kunamveka mawu a akazanga, osakweza, osatsitsa.

"Basi a Shehe, lekani. Wauma."

Ndinatembenuka, lamulo kapena ayi. Kumbuyo kwa chigafa kunali mbee, mikangala yopachikira fodya yokhayokha. Kutsogolo, tsamba langa lapamwamba lonse linali lende pamalo pake, lokongola monga mwa pempho la kamera.

"Agogo, tatsala pang'ono," mnyamata anatero. "Mungagwire tsamba limodzi m'manja, tijambule pafupi?"

Ndinadzuka, ndinathothola limodzi. Sindinachite kulifinya. Ndinangotseka dzanja, ilo phwanyu, nyenyeswa zikuyoyoka pakati pa zala. Mnyamata maso anawala.

"Zimenezo n'zamphamvu. Tabwerezani, ndiyandikire."

Ndinaphwanya lachiwiri. Atati tibwerezenso ndinamuuza kuti, mwana wanga, lachitatu ukagule ku okushoni.

Mtsikana anati funso lomaliza. Ngati atsogoleri onse a dziko lapansi akanakhala pano akundimvetsera, ndikanawauza chiyani? Pagolosale funso limeneli ndikanaliyankha mpaka a Shehe kutseka zitseko. Koma ndinayang'ana nyenyeswa zili pamapazi anga, ndinayang'ana kumwamba kuli mbee, ndipo ndinati:

"Akafuna kudzandifunsa, abwere masana."

Atazimitsa makina, a Shehe anatulukira, thukuta kamukamu, manja akuda ndi utomoni wa fodya, ndevu zili ndi tizidutswa ta masamba. Iwo ndi amene anafotokozera alendo chimene chachitika. Mtsikana anagwira kumutu.

"Agogo, bwanji simunatiuze? Tikanadikira. Tikanathandiza n'kutsitsa komwe."

"Ndinakuuzani, mwanangu."

"Munati mukufuna mudye kaye."

Nanga ndikanati chiyani? Kuti tachokani pakhomo panga ndili ndi ntchito? Mawu amenewo m'kamwa mwa munthu wa msinkhu wanga mulibe. Ife timanena mozungulira, womva amamva. Ana a m'tauni amafuna uwapatse nkhani yosenda kale ngati nthochi. Anapepesa kwambiri, ndipo kupepesa kwake kunali koona, koma kupepesa sikufewetsa tsamba. Akazanga anawaikira mtedza m'kathumba, anawaperekeza mpaka pagalimoto, anawauza kuti adzabwerenso. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Kwathu mame anakamuka alendo akadali pampando.

Galimoto itapita, ndinatembenukira kwa mnzanga uja.

"A Shehe, munakulira kuno. Simudziwa kuti mmawa wa chifunga mlimi wa fodya sachezeredwa?"

"Ine ndimagulitsa sopo, a Nduna. Sopo sadikira chifunga."

"Nanga Satana mwamupeza bwanji kulemera kwake?"

"Ndikupita kukasamba," anatero, akutola mkanjo ndi zala ziwiri.

Jeke inafika pa nthawi yake. Tinadinda fodya amene akazanga ndi a Shehe anapulumutsa, tsamba lapansi ndi lapakati, ndipo ndinataya masiku ndikulekanitsa zimene manja a wogulitsa sopo anasakaniza. Tsamba lapamwamba linatsala lende, jeke inawoloka dambo. Mwera unalimenya, m'mphepete munang'ambika, mtundu unayamba kuzilala, mbuzi za aneba zinalawako mzere wapansi. Chifunga china chinabwera mochedwa kwambiri. Pamene ndinkalifikitsa kumsika, ogula anali atakhuta, ndipo tsamba limene anthu ankalimezera malovu pamsewu linagulidwa ngati fodya wamba wa munthu waulesi. Malata a kukhitchini amene ndinalonjeza akazanga anasanduka udzu wa chaka china.

Patapita nthawi a Shehe anandiitana pagolosale, foni ili m'manja. Pologalamu yatuluka. Anthu anadzaza khonde. Mmawa wonse uja, ndi thukuta lake lonse, anaufinya mpaka unatha tiyi wanga asanazizire. Mfundo yanga ya chipolopolo, imene ndinaiphika zaka zonsezi, anaidula yonse, ati inatalika. Nthabwala ya zidakwa anaika yachitatu ija, yamaliro, moti pakhonde palibe anaseka, wina mpaka anati, "Zoona, n'zomvetsa chisoni." Mawu onena za mkulu wanga anawasiyamo onse bwinobwino, pamenepo ndiwayamike. Dzanja langa likuphwanya tsamba analionetsa pang'onopang'ono, ndi kanyimbo kachisoni pansi. Pomaliza penipeni, nkhope yanga yokwinyika ikuti abwere masana. A Shehe anandiwerengera zimene anthu akunja analemba pansi pake. Ambiri ati mdalayu ndi wozama. Mmodzi ati mawu amenewa wawaganizira usiku wonse. Akanabwera kuno ndikanamuuza kuti agone, palibe chozama, ndinkanena za masana enieni, nthawi imene tadya kale.

Koma Mulungu sataya wake. Tikuonera kachiwiri, mayi wina wogulitsa tomato analoza pafoni.

"Taimitsani pamenepo. Uyo akudutsa kumbuyoyo ndani?"

Pakati pa masamba, pa kampata kakang'ono, pankadutsa munthu wa ndevu zoyera, wa vesiti, akunyang'ama, atakumbatira fodya pachifuwa. Anadutsa ulendo wopita, anadutsanso wobwerera. Khonde lonse linagwa ndi phwete. Kuyambira tsiku limenelo a Shehe akangoyamba kuti tsamba la Satana, ine sinditsutsa. Ndimangoti, "Tandibwerekeni foni." Malata sanabwerere, koma munthu umatola chimene chatsala.

Akazanga za pologalamuyo sanafune n'kuonera komwe. Anati nkhope imeneyo amaiona tsiku lililonse popanda kulipira intaneti. Sanandinenepo kanthu za khitchini, ndipo kusanenako kumapweteka kuposa kunena. Chimene anasintha ndi chimodzi. Masiku ano kukacha ndi chifunga, asanandigwedeze phazi, amayamba atola mipando yonse ya pakhomo, ndi kampando kanga ka pakhonde komwe, kulowetsa kuchipinda, kukhoma loko, kiyi n'kumangirira pa chitenje.

Ndinawafunsa kuti nanga kutabwera mtsogoleri wa dziko lalikulu kudzamva maganizo anga, akhala pati?

"Pamgolo pali malo," anatero. "Azikupatsirani fodya, inu muzimuuza za nkhondo."